Waya wa ku Kabini ya Apongozi

"Chipupa changa iyai, batate ba Ufulu! Napenta chabe mwezi watha, manje mufuna kuchibowola monga mbaula?"

Emelda ankalankhula manja ali m'chiuno, kamwana kake Ufulu kakugwedeza mutu kumsana ngati nako kali mbali ya mayi ake. Mwamuna wake Chrispin anali ataima pampando pabalaza, makina oboolera ali m'manja, waya wautali wotuwa ataukoloweka paphewa. Sanacheuke n'komwe.

"Kabowo kamozi chabe, bamake Ufulu. Waya ipite, kwasila. Batate naonso ni banthu, bafunika netiweki."

"Netiweki ya chani? Bazayamba kugulitsa vichani pa foni pa ukulu uja?"

"Bafuna kumvera wailesi ya kumunzi. Kawailesi kao sikagwira Chipata. Pa foni ingagwire, manje waifai sifika ku kabini, imasilira pa bafa."

"So rauta yanga, yamene nisebenzesa pa bizinesi, muzaigawa pakati?"

"Palibe kugawa. Napasiwa rauta ina na munzanga ku nchito. Iyi ya muno izankala mai, ija ya ku kabini izankala mwana, waya ndiye muchombo. Mwana akayamwa, mai samafa."

"Samafa, koma amayonda," Emelda anayankha msangamsanga. "Funsani ine."

Chrispin anaseka mpaka mpando unagwedera. Atatha kuseka anatsamira pamakina aja, fumbi la simenti n'kuwazika pa sofa, ndipo mkangano unathera pomwepo monga mmene inkathera mikangano yambiri ya m'nyumbamo: mkazi wapambana pakamwa, mwamuna wachita zimene amafuna.

Kabini inali kachipinda ka mabuloko kuseri kwa nyumba yawo ya ku Chawama, kupitirira chingwe choyanikira zovala. M'menemo munkakhala a Josiah, bambo ake a Chrispin, chibwerere kuchokera ku Katete maso atayamba kuchita ng'ala. Pa nkhani ya ulemu, Emelda analibe wopikisana naye pamzere wonsewo. Chakudya cha apongozi ankachiika pakampando panja, n'kugwada chapatali, n'kuomba m'manja nkhope atalozetsa kumpanda. Phazi lake linali lisanapondepo pakhomo la kabiniyo, ndipo nkhope ya apongozi ake ankangoidziwa cham'mbali. Amayi a kutchalitchi ankamutchula polangiza atsikana okalowa m'banja. Zoti nkhalambayo imakonda chiyani, imaopa chiyani, imaswera bwanji tsiku lonse yokhayokha, Emelda sankazidziwa, ndipo mwambo sunkamukakamiza kuzidziwa.

Chrispin anagwira ntchitoyo mothamanga, poti mawa lake ankanyamuka ndi lole ya kuntchito kupita ku Dar es Salaam. Waya anaulowetsa m'paipi yakuda imene anagula ku Kamwala, n'kuiyendetsa m'mbali mwa mpanda mpaka ku kabini. Rauta yachiwiri anaikhomera m'mwamba, pamwamba penipeni pa bedi la bambo ake, kuti madzi a m'dzinja asadzaipeze. Kumbuyo kwake kunali timabowo tingapo tachikasu ndi kamodzi ka buluu. Chrispin anatiyang'ana, n'kukanda kumutu, n'kulowetsa waya m'kamene kanali pafupi ndi chala chake, kachikasu. Timagetsi tinayaka, foni ya a Josiah inayamba kulankhula Chichewa cha kwawo, ndipo nkhalamba inaomba m'manja. Safunsa anadya phula, koma phula la tsikulo anadzalidya ena.

Mavuto anayamba lole itangochoka. Emelda ankagulitsa salaula, zovala za kaunjika, koma osati pamsika ngati anzake. Iye ankatsegula belo pabalaza, n'kuimika foni pa ndowa yovundikira, n'kumaonetsa diresi lililonse kwa makasitomala amene ankamuonerera pa intaneti ali ku Matero, ku Kabwata, ena mpaka ku Kitwe. Tsopano amati akanyamula diresi labwino, pakamwa atayasama kuti aliyamikire, chithunzi chinkauma. Foni inkaonetsa kuti waifai ilipo yodzaza, koma kalikonse sikankayenda. Makasitomala ankamuona ataima chiyasamire, ena n'kumujambula n'kumatumizirana.

Mnzake Mainess, wa nyumba yoyandikana nayo, ndiye anabwera ndi nzeru. Mainess anali mayi wa mtima wabwino, wa makutu aatali, amene sankalola kuti chinthu chichitike popanda wochichititsa.

"Mwandi, waona nthawi yamene ichitika?" anafunsa tsiku lina atakhala pa belo.

"Nthawi iliyonse chabe. Ni kampani, netiweki yao ni yoola."

"Yanga ni kampani imozi na yako, isebenza bwino. Yangana kuseri uko. Ba mudala bakagona masana, foni yako iuluka. Bakauka, yafa. Boza?"

Emelda anafuna kukana, koma sizinali zabodza. A Josiah ankaopa kuwononga magetsi a mwana wawo, choncho ankayatsa rauta yawo pa switchi ya pafupi ndi bedi akafuna wailesi, n'kuizimitsa akamagona. Zimenezi Emelda akanazidziwa akanafunsa. Koma mpongozi amafunsidwa bwanji?

"Vinangu sininakuuze," Mainess anatsitsa mawu. "Nimamvera pa mpanda nikamayanika. Baitana maina ya banthu. 'Kalumba wapita.' 'Tionge wapita.' Mawa lake dzina linangu. Muntu ankala eka mu kachipinda, aziba bwanji bamene bafa?"

"Ni wailesi, bamvera mauthenga ya maliro ya kumunzi."

"Iwe unaiona na maso yako?"

"Siningangene muja, ni bapongozi."

"Waona manje? Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Baziba ati palibe azangena. Na waya ija, iwe uganiza ipeleka chabe? Paipi yamene ipeleka manzi ingadonse futi manzi. Bakudonsa mwai, mwandi."

Mawu oipa ali ngati utsi wa malasha aawisi, umalowa ngakhale watseka chitseko. Emelda anayesa kuyimbira mwamuna wake, koma foni ya Chrispin inkafa ikangodutsa malire a ku Nakonde. Masiku anapita, belo limene linkatha pa sabata linakhala pabalaza mpaka linayamba kununkha chinyezi. Mayi wina amene ankagula kwa iye nthawi zonse anamulembera kuti wapeza wogulitsa wina wosauma pakamwa. Emelda analira tsiku limenelo, ndipo madzulo anaika chakudya pakampando paja osaomba m'manja.

"Zikomo, apongozi," mawu anatuluka m'kabini monga mwa masiku onse. "Kodi mwana ali bwanji lero? Ndamumva akutsokomola."

 Emelda anathamangira m'nyumba akudzifunsa kuti munthu wosaona bwino wadziwa bwanji za chifuwa cha Ufulu. Sanaganize kuti nkhalambayo ili ndi makutu, ndi kuti kabini ndi windo la kuchipinda n'zoyandikana.

Lamulungu lotsatira Mainess anamutengera kwa Mneneri Kombe, amene tchalitchi chake chinali tenti ya buluu pafupi ndi ngalande yaikulu. Mneneriyu anali mnyamata wa suti yowala ndi nsapato zosongoka. Anamvetsera maso atatsinzina, ndipo chodabwitsa n'chakuti zonse zimene mzimu unamuululira zinali zomwezo zimene Mainess anamuuza poyamba.

"Mamama, mu yadi yanu muli guwa la mudima," anatero. "Mfwiti za manje sizisebenzesa lichelo, zinapita ku dijito. Pa Loweruka nizabwera na banthu banga. Tizadula waya, tizachosa vonse vili muja, na mwine wake azachoka."

"Kuchoka kuyenda kuti? Bakazi bao banafa, kumunzi kulibe obasunga," Emelda anatero.

"Mufuna bizinesi olo mufuna mfwiti?"

Emelda anayang'ana pansi, ndipo kukhala chete kwakeko anthu anakutenga ngati yankho. Pofika Lachitatu nkhani inali itazungulira pampopi, kusaluni ndi pa siteshoni ya mabasi. Ana ankaponya timiyala padenga la kabini n'kuthawa akuseka. Wailesi ya a Josiah inasiya kumveka, foni ya Emelda inayamba kuuluka, ndipo Mainess anati umenewo ndiwo umboni wotsiriza. Emelda anagulitsa theka la belo tsiku limodzi, koma madzulo ankakankhira mbale yake kumbali. Mbale za pakampando zinkabwerera zitangotsinidwa pang'ono.

Loweruka m'mawa, akupukuta pabalaza, foni inalira. Anali Chrispin, atangolowa m'dziko.

"Bamake Ufulu, muli bwanji uko? Batate bali bwanji? Wailesi ikali kulira?"

Emelda anayamba bwinobwino, koma nkhani inamupulumuka yonse: chithunzi chouma, mayina a akufa, Mainess, mneneri, ndi kubwera kwake tsiku lomwelo. 

"Mwati batate banga ni chani?"

"Sinine ninakamba, ni ba Profeti."

"Ba Profeti banabwera beka? Mayo ine! Emelda, mvera. Uja munzanga ananipasa rauta ananiuza, ine ninaibala na changu. Waya ifunika kungena mu kabowo ka buluu. Nikaifaka mu ka yelo, marauta yonse yabili yaganiza ati ndiye bene ba nyumba, yalimbirana mafoni. Foni yako ikamvera ija ya ku kabini, yasoba njira. Atambala abili salira mu khola imozi. Mfwiti ni ine, na kabowo ka yelo!"

"Manje nichite bwanji?"

"Yenda uchose waya, ufake mu ka buluu, uyashe. Kwasila."

"Ine? Mu chipinda cha bapongozi? Bauzeni beve bachite."

"Batate sibaona mitundu, na rauta ili pamwamba pa bedi. Ufuna bagwe? Ufunika kukwera pa bedi."

"Pa bedi ya bapongozi? Batate ba Ufulu, mwapenga? Banthu bazakamba chani?"

"Kubaitana mfwiti sunaope, kuponda pa bulangeti ndiye waopa?"

Mawu amenewo anamulasa Emelda, ndipo anachita manyazi amene anali asanawachitepo chibadwire. Nthawi yomweyo anamva nyimbo chakumsewu, ng'oma ndi malikhweru. Anasuzumira pawindo. Mneneri Kombe anali patsogolo ndi chikwanje chatsopano, amayi a zoyera akuvina pambuyo pake. Koma kumbuyo kwa amayiwo kunali khamu limene palibe analiitana: anyamata a pa siteshoni, zidakwa za m'mawa, ena atafumbata miyala, wina atanyamula chigubu chimene sichinali cha madzi. Walira mvula walira matope. Emelda anaitana mapemphero, koma zimene zinkabwerazo zikanatha kupha munthu.

Anathamangira kumpanda. "Mainess! Tiye ungene ku kabini, uchinje chabe waya!"

"Ine? Nili na bana, mwandi," Mainess anayankha, n'kubwerera m'mbuyo.

Emelda anamangitsa nsalu ya mwana, n'kukwinda chitenje. Pakhomo la kabini miyendo inafuna kugwada yokha monga inazolowera. Anavula mapatapata, n'kunena "odi" n'kukankha chitseko.

Kachipindako kanali kosesedwa bwino. A Josiah anali atakhala pamphepete pa bedi, atavala jekete ndi chipewa, ndodo ili pakati pa miyendo. Pambali pawo panali chikwama cha mizeremizere chomangidwa kale ndi chingwe. Atazindikira amene walowa, anadzidzimuka n'kutembenukira kukhoma, chipewa ataphimba nacho kumaso.

"Apongozi! Mwalowa? Kwagwanji?"

"Munikhululukire, nifuna kukwera pa bedi yanu."

"Pa bedi? Ha! Ndiye kutha kwa dziko kumeneku. Dikirani ndituluke."

"Osachoka panja, napapata! Nkalani pamene apo."

Anakwera. Bedi linalira, Ufulu anaseka kumsana poganiza kuti ndi masewera. Emelda anatembenuza rauta, n'kutsomphola waya m'kabowo kachikasu, n'kuukankhira m'ka buluu mpaka unati tswa. Anawerama n'kuyatsa switchi. Nthawi yomweyo kuwala kwa pakhomo kunatsekeka ndi mitu ya anthu.

Nyimbo inaduka pakati. Anthu anabwera kudzaona mfiti, koma anapeza mkazi wa ulemu wa pamzere wonse ataima pabedi la apongozi ake, chitenje chili m'mawondo, nkhalamba itabisa nkhope m'chipewa.

"Malodza!" anakuwa mayi wina wa zoyera. "Bamulodza na eve!"

"Faya!" anatero mneneri, koma mawu anatuluka opyapyala.

"Palibe anilodza," Emelda anayankha ali pabedi pomwepo, poti anaona kuti kutalika kukumuthandiza. "Bamuna banga banafaka waya mu kabowo kolakwika. Imani muone."

Rauta ikamayaka sithamangira munthu. Kagetsi kanaphethira, n'kuphethiranso. Kunja wina anaponya mwala padenga, malata n'kulira. Emelda anapemphera pemphero lake loyamba loona la mwezi umenewo, maso ali pa kagetsi. Kenaka foni ya a Josiah, imene inali pamwamba pa chikwama, inatsokomola n'kuyamba kulankhula mokweza: mawu a muulutsi wa ku Chipata akuwerenga uthenga wa maliro, dzina la womwalira, mudzi wake, ndi tsiku loika. Ili mkati molankhula, foni ya Emelda inayamba kulira motsatizana, mauthenga a makasitomala akugwa ngati matalala.

Anatsika, n'kuima pakhomo, mafoni awiri ali m'mwamba. "Mwamvera? Maina yachoka umu. Yao ilira, yanga isebenza, pa nthawi imozi. Mfwiti ili kuti?"

"Mizimu ni yochenjera," mneneri anayamba. "Ingabisale mu..."

Emelda anali atadina kale pamene ankadina tsiku lililonse. Anatembenuzira kamera kukhamu kuja, n'kutulutsa mawu ake ogulitsira malonda, okoma ngati uchi.

"Makasitoma banga, muli bwanji? Nabwera laivi! Lelo nilibe madiresi, nili na balendo bamene babwera kutema batate ba bamuna banga na myala. Tiyeni tibaone bwino, kapena muzaziba mwana wanu. Iwe wa kapu yofiira, onesa chamene uli nacho ku manja. Na iwe wa chigubu, seka tikuone."

Sipanaonekepo miyala yotayidwa mwaulemu ngati tsiku limenelo. Inkatsetsereka m'mbali mwa mathalauza n'kugwa pansi mwakachetechete. Wa chigubu anakumbukira kuti anatumidwa kwina. Mneneri Kombe anabisa chikwanje kumbuyo, n'kulengeza kuti chiwanda chathawa chitangomva nsapato zake pageti, ndipo amayi a zoyera anayambitsa nyimbo ya chigonjetso akutuluka chambuyo. Mainess anatsalira pang'ono pampanda.

"Ine ninakamba chabe vamene ninamvera, mwandi."

"Na ine ninamvera chabe vamene unakamba," Emelda anayankha. "Tonse tabili tilibe nzelu. Yenda."

Pabwalo patakhala bata, anabwerera ku kabini. Anagwada, koma ulendo uno m'kati, nkhope atalozetsa kwa apongozi ake. A Josiah anali atatsitsa chipewa. Aka kanali koyamba kuwaona bwinobwino, ndipo anadabwa kuti ali ndi mphuno ya Ufulu.

"Chikwama ichi, munali kuyenda kuti?"

"Sindikudziwa, mwanangu. Ndimati ndikafike pamsewu, anthu asadzaswe mawindo a nyumba ya mwana wanga chifukwa cha ine. Khomali ndi lopyapyala, ndinkamva zonse. N'chifukwa chake ndinazimitsa wailesi." Anaseka pang'ono. "Inetu mauthenga aja ndimamvera kuti ndidziwe anzanga amene atsala. Ndikamva dzina ndimalitchula, poti kuno kulibe wina woti alitchule."

"Nalakwa, bapongozi. Nalakwa maningi."

"Kukwera pabedi? Imeneyo ndi nkhuku imodzi basi, yoyera kapena yakuda, ndipo tidyera limodzi. Mwambo uli ndi chitseko chake." Anasisita mutu wa ndodo. "Koma ndifunse chinthu chimodzi, amake Ufulu. Lero mwandiombola chifukwa kabowo kanapezeka. Nanga waya ukanakhala kuti uli bwinobwino, malonda n'kumafabe, mukanatani nane?"

 Emelda ankadziwa chimene akanachita, ndipo nkhalambayo inkadziwanso. Misozi inagwera pa simenti, ndipo a Josiah sanamuthandize ndi mawu alionse.

Anadzipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuimirira, n'kusenza chikwama chija pamutu.

"Mukupita nacho kuti?"

"Ku nyumba ikulu. Chipinda chamene nisungira mabelo chili na windo yabwino. Mabelo yazabwera kuno, netiweki ifika manje, nizagulitsira kuno."

"Nanga anthu adzati chiyani, mpongozi kugona khoma limodzi ndi mpongozi wake?"

"Banthu bakamba kudala, tinabamvera, taona kwamene banatipeleka." Anatambasula dzanja. "Tiyeni, tate. Pakhomo pali sitepu, gwirani kuno."

A Josiah anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali ndi maso awo a nkhungu. Kenaka anasamutsira ndodo kumanzere, n'kuligwira.